Khomo Lachisanu pa Mdadada

Anafika pa Chitakale ndi tepi ndi kabuku, mtsikana wa ku boma,
nayeza khonde lathu kuyambira kwa a Mukhwapa mpaka kwa a Nalikata:
makomo asanu ndi atatu, denga limodzi,
chumuni chimodzi mabanja awiri.
Akuti mdadada uno tsopano ndi chuma cha dziko.
Msomali osakhoma. Zenera osakuza.

Ndinamuonetsa mtanda wa mkungudza
umene chiswe chinalawa n'kuusiya;
ukaukanda ndi chikhadabo umanunkhirabe phiri.
Ndinamuonetsa njerwa yachitatu kuchokera pansi
pamene woumba anadinda chala chake chachikulu
dothi lisanaume.
M'kabuku analembamo dzina la mzungu wa esiteti.

Khoma lapakati n'lopyapyala, njerwa imodzi basi.
Zaka makumi atatu ndamva chifuwa cha a Nalikata,
iwo amva ndewu zanga ndi malemu mayi a kunyumba,
m'mawa tonse ku tiyi, dengu kumsana,
osatchulapo kanthu.
Zimenezo tepi siingayeze.

Zenera n'laling'ono ngati mbale, lili m'mwamba;
womanga sanafune wothyola tiyi aziona kutali.
Chiperoni chokha chimalowa osaodira
n'kusiya ndere pa laimu.

Chikwangwani achikhoma pa khomo langa, lachisanu,
ndi misomali inayi yatsopano.
Usiku malata akudontha pamalo pake pakale.
Ndasuntha bedi, ndatchera beseni,
ndagona m'chuma cha dziko
kumvera madontho,
ndi chifuwa chija kuseri kwa khoma.