Kachitsulo Kotchona

Kanyali kachikasu kanayaka Lachiwiri
ndili pa mlatho wa Humber, mvula ikuwomba chammbali,
kakungondiyang'ana, osaphethira,
ngati mwana amene wakupeza ukunyambita shuga.

Mnyamata wa kugalaja anati ndi sensa ya okosijeni,
mphuno ya galimoto, yonunkhiza utsi
n'kuuza injini kuti petulo wakwana.
Yanuyi inafa kale, injini ikungothira
ngati wachimfine pothira mchere m'ndiwo.
Mapaundi mazana awiri ndi makumi anayi.
Ndinaseka. Galimoto yonseyo ndinagula mazana asanu ndi awiri.

Loweruka ndili chagada pa katoni ya fuliji
kuseri kwa nyumba zathu zogundizana za ku Hessle Road,
jeki uku, njerwa uko,
Mwatitha akundiwunikira ndi foni,
akudandaula m'Chingelezi kuti zala zake zafa.

Ndi ako apo. Kosaposa chala changa chachikulu,
kofiira ngati dothi la ku Thyolo,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kakumwa mchere
umene amawaza m'misewu nthawi yachisanu.
Pomwe kathera iko, pomwe yayambira paipi,
sipakudziwikanso. Zinalowana.

Sipanala ya twentethu: gwa.
Ndapopera mafuta, ndamwa tiyi, ndapoperanso: gwa.
Ndalumikiza mwendo wa bedi lakale kuti mkono utalike,
ndakoka mpaka msana kulira,
tereree! sipanala yapulumuka,
mfundo za zala zakapsompsona chitsulo.
Ndatukwana m'chilankhulo chimene mwana sachimva bwino.
Makona a nati ayamba kubulungira,
dzimbiri likundigwera m'maso ngati gaga.

Kenako ndodo inagogoda nsapato yanga.
A Garbutt a khomo lachitatu,
zaka makumi atatu pansi pa sitima zausodzi, pakati pa mainjini,
lero batani la malaya limawatengera mphindi zisanu.
Ukumenyana nacho, akutero. Chigonja ndi dzanja lako.
Liza injini, paipi itenthe.
Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kachidutswa ka kandulo:
khudzitsa apo, phula lilowe lokha m'mene mafuta akanika.
Ukatero uyambe wamanga, pang'ono pokha.

Kumanga chimene ndikufuna kumasula?
Sanandiyankhe. Ankayang'ana mbalame za kunyanja
zikulimbirana tchipisi pa bini.

Ndinamanga.
Zii.
Ndinabweza.
Tswii! ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa.
Mwatitha anakuwa, foni n'kugwera m'madzi.
Kutsogolo pang'ono, m'mbuyo pang'ono,
monga timadzutsira okalamba kuntchito kwathu,
osakoka, kungowakumbutsa kuti miyendo ilipo.
Ola lathunthu, mkono ukupsa, makutu ali zizirizi,
mpaka kanagwera pachifuwa panga,
kotentha, kakuda bii ndi mwaye.

A Garbutt anakatembenuza pafupi ndi diso.
Kasiya mano awiri m'katimo, akutero.
Chokhalitsa sichituluka chathunthu.
Tinapala m'bowomo ndi kaburashi,
katsopano tinakadzoza girizi wa kopa
kuti wodzamasula mawa asadzatitukwane.
Mapaundi makumi atatu ndi limodzi, kuphatikiza pulasitala.

Lolemba kusanache, makomo asanu ndi limodzi akundidikira,
mapilisi, phala, masokosi othina.
Kanyali kazima. Injini ikupuma ngati mwana wokhuta.
Kakale kaja sindinataye,
kali m'thumba la chitseko, kakuchita gobedegobede pa mabampu.

Pa maloboti a ku Anlaby foni yalira,
mawu a achimwene a Zangaphee:
denga la mayi layamba kudontha,
nanga inu, mutchona mpaka liti?
Ndamvera kawiri.
Wam'mbuyo waimba hutala, kwabiriwira.
Ndaponda giya woyamba, pulasitala wamatuka,
chala chayambanso kutuluka magazi.