Telala wa Mbendera ku Mchesi

Pakhonde la sitolo ku Mchesi
makina anga amatafuna nsalu kuyambira mbandakucha.
Chakuda, chofiira, chobiriwira,
kenaka dzuwa lija lovuta kudula,
ndimalisoka pomaliza, maso atatopa.

Mwezi uno malonda ali bwino.
Wailesi yati anansi atiponda chala,
yati malire ndi athu kuyambira makolo,
ndiye anyamata a kabaza akufuna timbendera ta pahandulo.
Bwana Chimphonda a ku likulu aitanitsa mazana awiri,
akuti zithe Lachisanu lisanafike.

Chaka chatha bwana omwewa
anandibweretsera mitundu ya anansiwo.
Kunali alendo, kunali kugwirana chanza ku Lumbadzi.
Mbendera ziwirizo ndinasoka ndi ulusi umodzi,
ndipo zidutswa zake zikadali m'thumba pansi pa tebulo,
zathu ndi zawo, zitagonerana
ngati ana a bere limodzi.

Mkazi wanga Nangozo anabadwira tsidya lija.
Kwawo ndi kwathu amatunga pachitsime chimodzi,
maliro akagwa safunsana chiphaso.
Dzulo pamsika wa Tsoka wina wamufunsa
kuti abwerera liti kwawo,
munthu woti wakalambira muno.
Wafika osayankhula,
wathira mchere kawiri m'ndiwo.

Tsalani, mwana wathu wachisamba, ali ku barakisi.
Waimba usiku: Ababa, atiuza tikhale tcheru.
Ine ndimamuonabe ataima pa mpando uwu
ndikumuyeza kabudula wa sitandade wani,
akuseka chifukwa tepi imamugirigisha.
Okuwa pa wailesi aja
ana awo akuphunzira kunja.

Musandimve molakwa, dziko langa ndimalikonda.
Nyimbo ya fuko ikamveka
phazi limaima lokha pa chopondera.
Koma ine ndine munthu wa miyeso.
Ya pagalimoto ndi chikhato chimodzi,
ya pamlongoti mamita awiri.
Ilipo ina imene sanandiphunzitse, koma ndimaidziwa:
yotalika ngati mnyamata atagona chagada,
yokuta bokosi mpaka m'zogwirira.

Lachisanu lafika ndi fumbi lake.
A Chimphonda awerenga, zakwana, alipira.
Ali pakhomo la galimoto atembenuka:
Nanga zazikulu zija, khumi ndi ziwiri,
ungatichitire zingati?

Ndayang'ana Nangozo akusita kuseri kwa chitseko.
Ndati, bwana, singano yathyoka,
ndipo za mtundu umenewu
zikusowa m'tauni muno.