Magalasi Makumi Anayi ndi Awiri

Tinanyamuka pa Kapata tambala asanakhosomole,
a Shawa pa chiwongolero, ine kumbuyo kwa Kanta
ndi magalasi a mawindo makumi anayi ndi awiri
oimikidwa pakati pa matiresi akutha ndi udzu,
a kachipatala kena kumtunda
komwe dzina lake ndinalimva dzulo lomweli.

Phula linatiperekeza ngati mlamu waulesi,
kungopitirira Lundazi pang'ono, ilo n'kubwerera.
"Galasi silikwera ndi munthu wothamanga,"
anatero a Shawa, nalowetsa giya yachiwiri.
Sanaichotsenso.

Wanjinga wonyamula mbuzi anatipitirira,
navula chipewa, kuyesa tanyamula maliro.

Tinakwera. Midzi inayamba kutalikirana
ngati mano a nkhalamba,
kenaka inagwerukiratu.
Kumtunda kuno dzuwa ladya n'kunyambita mbale:
lupsa lasiya nthaka yakuda bii,
misuku yapinimbira, yolekeza m'chiuno,
mtsinje watsala dzina lokha pa chikwangwani,
pansi pa mlatho mchenga
ndi ziboda za ng'ombe za mwezi watha.
Kamvuluvulu anadutsa msewu osacheuka
atasenza kathumba ka pulasitiki kobiriwira.
Wapaulendo mnzathu masana onsewo anali yemweyo.

Ine manja tambasu, chifuwa pa katundu,
dzenje lililonse ndinkalimvera m'mano.
Magalasi ankanong'onezana, tsiki, tsiki,
ngati ana asukulu mphunzitsi akatuluka.
Injini inamwa madzi athu, chigubu choyamba,
chachiwiri, ife n'kugawana lalanje limodzi
ndi mbeba zitatu zogula kwa kamnyamata
kamene sindikudziwa kanachokera kuti,
poti kuzungulira konseko kunalibe denga.

Mdima unatipeza pamwamba penipeni,
pomwe mphepo ilibe mtengo woipatsa moni.
Ndani akanandiuza kuti dziko lootcha chonchi masana
usiku limaluma zala?
Ndinavundukula matiresi kuti ndiwerenge katundu.
Tochi inandionetsa nkhope yanga,
kumbuyo kwake ina, kumbuyo kwake inanso,
iliyonse yotuwa kuposa inzake,
yomalizayo sindinaizindikire.

A Shawa anasonkha kamoto ka ndowe zouma.
Anakhala chete mpaka tiyi anawira, kenaka:
"Mkazi wanga woyamba, Tiwonenji,
anachirira m'chipinda chotseka ndi masaka pawindo.
Unali mwezi wa Juni. Mphepo inazimitsa nyali kawiri."
Ndinadikira.
Iwo anangotembenuza chikuni,
nati shuga ali m'thumba la jekete.

Kutacha, chitunda chomaliza.
Mwala umodzi, wosaposa chibakera,
tayala lakumanzere, ndiye thee!
Phokoso laling'ono ngati kuthyola singano.
A Shawa anazimitsa injini.
Sanatuluke. Ndinkaona khosi lawo lokha
kudzera pa kawindo ka kumbuyo.

Tinafika dzuwa lili paliwombo.
Nesi, mayi Zgambo, anawerenga ndi chala chonyowa:
makumi anayi ndi limodzi,
ndi lina ili, mng'alu kuchoka pangodya kufika pangodya
ngati mtsinje wa pa mapu.
"Ili tiika kosungira makatoni," anatero.
"Makatoni sazizidwa."
Ana anabwera kudzapumira mpweya pa magalasiwo
n'kulembapo mayina awo ndi zala.
Mayi wina wapakati, atakhala pakhonde,
anafunsa ngati tiyambire chipinda chakum'mawa.
A Shawa, amene ntchito yawo ndi kuyendetsa basi,
ananyamula galasi loyamba okha.

Pobwerera Kanta inali yopanda kanthu,
ikudumpha maenje ngati thole lomasulidwa,
fumbi lathu likufika kumwamba.
Ndinakhala kutsogolo, pa mpando wofewa.
Tikuwoloka mlatho wa mtsinje wouma uja
a Shawa anandiyang'ana, naseka koyamba:
manja anga anali akadali otambasuka,
kugwiririra chinthu chomwe tinasiya kale.