Mphindi Khumi Zoyamba

Loweruka, thu koloko.
Laimu wauma kale pamizere,
ukonde tausoka ndi ulusi wa thumba la feteleza,
ndipo ine wapagolo wanu ndikuomba magolovesi ndekha
kuti khutu linamizike kuti kwabwera anthu.
Pamabenchi pali mbuzi ziwiri za ku Mchini,
mayi wa nshawa akusinza pa beseni lake,
ndi Yotamu, ng'oma pakati pa miyendo,
maso kunjira ya ku hositelo
ngati wodikira basi ya ku Lundazi.

Alendo a ku Katete atsika lole mmawa,
fumbi mpaka m'nsidze, mawu atasasa kale ndi nyimbo.
Mtunda wonse uja, koma atiyambira kufika.
Inu mumagona poti nditaponya mpira ndi dzanja
ungagwere padenga panu.

Ndikudziwa kumene muli.
Zelipa akulukitsa tsitsi, mutu wafika theka.
Malizani wayanika jinzi yake imodzi yomweyo, akuipempherera dzuwa.
Ena muli pachiwaya ku Kapata, kulimbirana basela,
ena mwaunjikana pa foni yong'aluka galasi
kukuwira anyamata a kutsidya kwa nyanja
amene sadzamva mawu anu mpaka kalekale.
Mukuti, tikubwera,
mpira umakoma hafu yachiwiri.

Mundifunse ine wotola mpira mu ukonde.
Zigoli zisanu ndi chimodzi atimwetsa pakhomo pano chaka chino,
zinayi mwa izo wotchi isanadye mphindi khumi.
Kukakhala zii mwendo wa difenda umalemera,
ndimamva mpweya wa sitiraika wawo,
ndimamva ngakhale belu la njinga
likutsika kuchokera ku Kanjala.
Bwalo lathu lomwe limatiyang'ana ngati obwera.

Sikuti sitinayese.
Tinamata mapepala pachitseko cha dainingi, mvula inawerenga yokha.
Tinalonjeza mafilizesi kwa oyamba makumi asanu,
anasungunuka m'chidebe, tinamwa tokha ndi alendo.
Tinanama kuti mpira uyamba wani koloko,
mwadzidzidzi nonse munadziwa masamu,
munawonjezapo maola awiri.

Sabata yatha ija Sandikonda anagoletsa.
Mphindi yachitatu.
Anaulandira pachifuwa, nsana kugolo,
n'kudzigwetsa chagada, miyendo m'mwamba,
mpira thi! pakona pomwe kangaude amamanga.
Anathamangira kumabenchi manja ali tambalale,
anapeza mbuzi zikubzikula.
Anaima. Anakonza sokosi yosagwa.
Bambo ake okha, amene anapalasa njinga kuchokera ku Chadiza,
anavula chipewa n'kuchikweza pang'ono,
ngati kuli maliro akudutsa.

Inu munafika dzuwa litapendeka,
mafuta onunkhira, nsapato zopukuta,
funso lanu limodzi lomwelo: zili zingati?
Usiku ku hositelo ndinakumvani mukuchifotokoza chigoli chija,
wina akuti chinali cha mutu,
wina akuti anachiona ndi maso ake.
Sandikonda anangofunda bulangeti.

Choncho sindikupemphani zambiri.
Simumachedwa tsiku la nyama ku dainingi,
simumachedwa ndalama ya bosale ikalowa.
Bwera, Zelipa, ndi mutu wa theka womwewo,
chipeso chili chilili m'tsitsi, wolukayo amalizire pabenchi.
Malizani, vala yonyowayo, iumira m'thupi.
Bwerani tikadali kudumphadumpha,
lifali asanaponye ndalama m'mwamba,
mutipeze tili ndi mantha athu
mutithandize kuwanyamula.
Yotamu manja amuyabwa,
koma ng'oma payokha ndi chikopa cha ng'ombe yakufa.

Loweruka likubwerali kukubwera a ku Petauke.
Ndidzaima pamzere wanga kota tu thu,
ndidzalavulira m'magolovesi, ndidzagunda mapolo onse awiri,
kenako ndidzatembenuka kuwerenga mitu.
Mbuzi sindidzaziwerengera.