Madontho Achikasu

Pa Ngabu dzuwa silidikira kuti munthu adzuke.
Linandipeza pansi pa mtengo wa nimu
kuseri kwa chipinda chochilira amayi,
njinga nditaitsamiritsa kumpanda,
fumbi la ku Miseu Folo lidakali m'mapazi.

Anatuluka a Jusitina, alamu anga,
chitenje chili paphewa, maso ali psuu ndi tulo:
"Ndi wamkazi. Walira bwino.
Koma bere la Filipina likutulutsa zachikasu,
zonanda ngati mafinya,
madontho atatu, anayi, basi.
Patseni ya shuga tisungunulire m'madzi,
kutentha kuno mwana angaume kukhosi.
Zoipazo tifinyire pansi mpaka woyera ubwere."

Dzanja linalowa m'thumba.
Lisanatuluke ndinakumbukira Mawanga.

Chaka chimene madzi a Shire analowa m'makola usiku
Mawanga inali itangobereka kumene.
Thole lisanaime n'kuima, madzi anatenga make.
Ndinalisenza paphewa mpaka pachulu,
ndinalipemphera mkaka wa ng'ombe za eni,
woyera mbee, wambiri,
m'botolo lotseka ndi kansanza.
Linamwa. Linatsegula m'mimba. Maso analowa.
Tsiku lachisanu ndi chinayi
ntchentche zinandiuza ndisanafike pakhola.
Mlangizi wa ziweto anangogwedeza mutu:
silinalawe woyamba uja.

Woweta aliyense m'chigwa muno amadziwa.
Ng'ombe ikabereka sitikama, sitigulitsa,
ngakhale ngongole itakhala pakhomo.
Wachikasuwo mwini wake ndi thole.

Koma ndikanayamba bwanji, ine mkamwini,
kuuza alamu kuti mng'ono wawo
ndamuyerekeza ndi ng'ombe?
Ndinangoti, ndalama ndasiya m'thalauza lina.

Anabwerera m'kati akung'ung'udza,
kapu ya madzi a pamjigo ili m'manja.
Kenako mawu anadutsa pa waya wa udzudzu wa pazenera,
mawu a namwino amene sanagone:

"Kapuyo ibwerere kumene yachokera.
Kamimba ka mwanayu n'kofanana ndi chipatso cha msawu,
madontho mukuwanyozawo akukadzaza.
Ameneyu ndi katemera wake woyamba,
wopanda singano, wopanda mzere.
Amamata matumbo kuti matenda asowe polowera.
Amakankha chimbudzi chakuda chija chituluke,
ndipo chikasu ichi chimathandiza kupirikitsa
chikasu chinzake cha m'maso.
Inu mayi, musendezeni, mimba igunde mimba.
Akamayamwa, chiberekero chanu chikubwerera m'malo,
magazi akuchepa.
Woyera mukuufunawo sauitana ndi shuga.
Amauitana ndi mwana, ndi kakamwa kakeka."

Kunali zii.
Kumsewu kunadutsa lole ya thonje.
Mbuzi ina inayamba kutafuna chingwe cha pakaliyala yanga
ndipo sindinaithamangitse,
ndinali kumvetsera.

Masana anandilola kulowa, chipewa chili m'manja.
Filipina anali atatsamira khoma, thukuta lili pamphumi,
milomo yosweka, koma akumwetulira.
Pachifuwa pake kanthu kofiirira,
katsitsi konyowa,
kachibakera kofumbata ngati kabisa khobidi,
tsaya likulowa, likutuluka,
likulowa.

Katasiya bere, pakona pa kamlomo panatsala dontho,
lolemera, la mtundu wa dzungu lakupsa.
Silinagwe.
Kanalinyambita kali m'tulo.

A Jusitina anakhala pamphasa, kapu ili pambali.
Anaiyang'ana, anandiyang'ana,
anaimwa okha madziwo mpaka pansi.
"Ife athu asanu tinkafinyira pansi," anatero,
"awiri ali kumsitu."
Sanapitirize. Nanenso sindinayankhe.

Madzulo ndinaipeza ndalama ija m'thumba lomwelo.
Ndinagula shuga ndithu,
ndi mabanzi anayi,
za tiyi wa Filipina.

Za Mawanga ndidzamuuza mwanayu akadzakula,
tsiku limene adzanditsatire kudambo
ndi kamkwapulo kake,
n'kundifunsa chifukwa chake lero sitikama.