Gitala wa Makosi Atatu

Ku Mbare, m'chipinda chapamwamba pa fulati,
Nyengeterai wajambula gitala wa makosi atatu.
Ndaseka. Nsambo zake zasefukira m'mbali mwa nsalu,
mbira yasanduka mano a chipeso chothyoka,
ng'oma ndi dontho lofiira basi,
lotupa ngati chithupsa.

Iyeyo samva. Anagontha ali ndi zaka zisanu.
Loweruka, oimba a kubawa akayamba pansipo,
amatsamiza chikhatho pakhoma,
kenaka liwiro ku utoto.

Wandigwira dzanja,
walikanikiza pa chikasu chosauma.
Kunja makombi akulalatirana ndi mahutala,
ine duu,
chala chikunjenjemera pomwe panadutsa besi.

Ndakwera ya ku Mufakose utoto uli m'zikhadabo.
Mpaka lero sindinasambe bwinobwino.