Wowerenga Akabawi ku Damu la Doyang

Ndinkawagulitsa anayi pa marupi zana limodzi,
owamba kale, mitu ili zyoli pachingwe.
Sindibisa.
Damu litameza munda wa bambo anga
mpunga wathu unatsalira pansi pa madzi,
ndiye chogwa kumwamba mwezi wa Okutobala
tinkachiyesa chipukuta misozi.
Madzulo ndinkakweza ukonde wa nsomba pansungwi.
Kukacha akabawi ali lendelende,
timiyendo tofiira tikupalasa mphepo.

Kenako kunabwera anthu a makamera.
Khonsolo ya mudzi inakhala masiku atatu,
abusa analalikira mpaka mawu kusasa,
chindapusa chinakhomedwa pathabwa
pafupi ndi golosale ya Yanpvuo.
Ena anawomba m'manja. Ine ayi.
Ndinali ndi ana atatu pasukulu.

Lero andipatsa chipewa, kope ndi pensulo.
Ndimafika nkhungu isanachoke pamadzi
n'kuyamba bwinobwino: khumi, makumi awiri, zana,
kenako mitengo yonse imangoti phuu!
thambo bii,
ndipo pensulo imaima yokha.
Ndimalemba nambala yomwe mtima wavomera.

Chaka chatha mayi wina wa ku Hungary
anandiuza kuti, Mhathung, tagwira apa.
Anaika kambalame m'manja mwanga
kuti akamange kawailesi pamsana.
Sikankalemera kuposa mtanda wa sopo.
Zala zanga zinapita zokha pamene phiko limathyokera,
zimadziwa njira ngati mbuzi yobwerera kukhola.
Ndinazibweza.
Kamtima kake kankagunda pachala changa chachikulu
ndipo mayiyo sanaone kanthu.

Kuyambira pamenepo mwana wanga Renbeni
amandionetsa kadontho pafoni.
Kadutsa India yense. Kafika pagombe.
Kalowa m'nyanja, bambo, mulibe mtengo m'menemo.
Tsiku loyamba. Lachiwiri.
Lachitatu ndinakana chakudya, mkazi wanga n'kundiseka:
iwe amene unkadzaza madengu!
Lachisanu kadontho kanatera ku Somalia
ndipo ndinatuluka panja osadziwa chokachita kumeneko.

Akuti ku Mongolia kuli mbusa wa nkhosa
amene anasiya mtengo wa chisa uli chilili
ngakhale nkhuni kwawoko n'zosowa.
Akuti kum'mwera kwa Africa ena amaima madzulo pansi pa mitengo
ndi makope onga langali.
Sitidzaonana. Sindidziwa n'komwe moni wawo.
Aliyense wagwira mfundo yake pachingwe chimodzi,
ndipo wina akataya, tonse titsala ndi thambo lopanda kanthu.

Ndalama yake ndi yochepa, ndinene zoona.
Alendo amabwera milungu isanu n'kupita,
fizi ya sukulu siuluka nawo.
Ukonde uja ndikadali nawo kuseri kwa nyumba,
maungu ayangapo.
Masiku ena ndimauyang'ana nthawi yaitali ndithu.

Kadontho kanazima mu Epulo, pobwerera,
pamwamba pa madzi.
Renbeni akuti mwina ndi batire.
Inswa zayamba kutuluka m'mbali mwa damu,
ndiye sabata ino afika.
Ndasongola pensulo.
Pakati pa zikwi zonsezo
ndidzakhala ndikufuna kamodzi
kokhala ndi kawaya pamsana.